Buku Limodzi, Mawu Amodzi

Lolemba, 9 Juni

Andigoneka lero masana, wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi zenera losatsekeka. Josiah, mwana wanga, wandigulira kope ili pageti kuti ndizilembamo m'malo molankhula, poti adokotala akuti ndisunge mawu. Ndikusungira yani?

Ndi khansa ya pakholingo. Kanyama kamene anadula mwezi watha kokapima ndiko kaulula. Adzachotsa kholingo lonse, ndizidzapumira pakabowo ka pakhosi, ndipo mawu sadzabweranso. Dokotala Pumulo wanena zimenezi mofatsa, akujambula khosi langa papepala ngati akundilongosolera njira ya ku Matero.

BP 150/95. Magazi ndi ochepa, ayenera kukwera kaye asanandipange opaleshoni. Mapiritsi ofiira, limodzi m'mawa, limodzi madzulo.

Sindinalire. Ndangokwiya, ndipo woti ndimukwiyire sindikumuona.

Lachiwiri, 10 Juni

Amatidzutsa kusanache bwino kuti atipime kutentha kwa thupi, kenako amatisiya tili maso mpaka phala litabwera. Phala lake lamadzi, koma ndi lomwe likudutsa pakhosi panga.

Pabedi la kumanja kwanga pali ba Kafula, mayi wa ku Kitwe amene amagulitsa kapenta ndi chikanda pamsika ku Matero. Mapapo awo adzaza madzi, ali pa okosijeni, koma pakamwa sipatsekeka.

"Imwe ba neba, chabavuta ni chani?"

"Pakhosi," ndayankha.

"Awe mwandini. Ine pakhosi pali che bwino, ni chifuba chinaola. Batisakanize tibili, bangapange muntu umozi wa nzelu."

Ndinafuna kusaseka, koma ndaseka, ndipo zandipweteka.

Lachitatu, 11 Juni

Ndilembe za buku, popeza ndilo likundisowetsa mtendere kuposa khansayo.

Ndili m'kagulu ka anthu odzipereka amene timawerenga ndakatulo zakale mokweza n'kujambula mawu. Ndi ndakatulo zoti olemba ake anamwalira kalekale, moti lamulo limati zilibenso mwini, aliyense angazitenge. Timazijambula kuti akhungu, ndi ena amene sukulu inawalambalala, azimvera pafoni. Malipiro kulibe. Wotitsogolera ndi ba Hillary a ku Kaunda Square. Iwo ndiwo ali ndi laputopu, ndipo ndiwonso omvetsera: chilichonse chimene wajambula amachimvera ndi zam'makutu, akangomvamo tambala kapena mwana akulira, amakubwezera kuti uyambirenso.

Tsono kwathu ku Chawama bata mungalipeze kuti? Uku bala, uku ometa tsitsi ndi sipika yawo, kuseri owotcherera mageti. Ine ndinkadikira magetsi azime. Komboni yonse ikutukwana malodi, kuzima kwa magetsiko, ine ndikuthokoza. Ndinkalowa m'wadirobu, bulangeti kumutu, tochi m'manja, thukuta lili chuchuchu, n'kumawerenga. Ndakatulo ina ndinaibwereza mpaka kuiloweza chifukwa cha galu wa aneba.

Buku limene anandipatsa ndi la ndakatulo za Chinyanja, mapepala ake ofiirira ndi ukalamba. Ndagwira chaka chathunthu, zatsala zinayi zokha. Koma lamulo la gulu lathu ndi lakuti buku limodzi, mawu amodzi, ndipo silitulutsidwa lisanathe. Kamakina kojambulira ndi ka gulu. Ndikamaliza ndinkakapereka kwa ba Hillary, iwo n'kusamutsira zonse mu laputopu, n'kupukuta khadi kuti kapite kwa wina. Choncho ine mwini ndilibe ngakhale ndakatulo imodzi.

Mkazi wa Josiah ndi woyembekezera, mwana adzabadwa mu Seputembala. Mdzukulu ameneyo adzandipeza ndili duu. Ndikufuna buku lija lithe, kuti akadzakula adzadziwe kuti agogo ake ankalankhula, ndipo ankalankhula bwino.

Lachinayi, 12 Juni

Ndalembera ba Hillary kuti abwere ndi kamakina kuno. Ayankha: "Osadandaula ba Mainess, nizabwela nako pa Saturday."

Atenganso magazi. Nesi wandibaya kangapo asanapeze mtsempha.

Loweruka, 14 Juni

Sanabwere. Akuti kamakina kali ndi wina ku Mtendere, akumaliza zake.

Josiah wabweretsa mbatata yoponda ndi mkaka. Ndameza masipuni ochepa. Luse, mwana wa ba Kafula amene amaluka tsitsi ku Matero, wabweretsera amayi ake chikanda chokulunga m'nyuzipepala, chimene adokotala anawaletsa chifukwa cha mchere. Achibisa pansi pa pilo. Sisita Mukupa atadutsa ananunkhiza n'kuima.

"Ba Kafula, chinunkila ni chani apa?"

"Ni ba neba aba, mukwai. Ine nili pa diet."

Ine woti kumeza mate kumandivuta! Sisita anangopukusa mutu n'kupita.

Lamlungu, 15 Juni

Magulu a mapemphero adzaza wodi. Mbusa wina wandigwira pakhosi osapempha, n'kuyamba kukalipira khansa kuti ituluke. Wakuwa mpaka misempha kutuluka m'khosi mwake. Mawu amene wawononga bamboyu masana ano akanandikwanira ine kumaliza buku lonse.

Lachiwiri, 17 Juni

Sikani m'mawa. Masana andiika magazi, paketi imodzi. Ndazizidwa mpaka mano kuombana, andibaya jakisoni, zaleka.

Mawu atsikanso. Ndikati "madzi" zikutuluka ngati chitseko cha malata.

Lachinayi, 19 Juni

Magazi akwera kufika pamene amafuna. Chotupa sichinafalikire m'mapapo. Dokotala Pumulo akuti ndi nkhani yabwino, ndipo opaleshoni aiika Lachinayi likudzali.

Ndawauza ba Hillary. Ayankha: "Weekend iyi sure. Kuona maso ya nkhono ni kudekha."

Nkhonoyo palibe amene waiikira tsiku loidula khosi.

Loweruka, 21 Juni

Abwera, ndi nthochi ndi botolo la juwisi. Kamakina ayi. Akuti amafuna ayambe "amvera chipinda". Anaimirira pakati pa wodi, n'kuomba m'manja kamodzi, n'kupendeketsa mutu. Odwala onse anatembenuka.

"Muno sivingachitike, ba Mainess. Echo, ma trolley, na oxygen iyi ili che kulila. Vonse vizangena."

Ndinati tipemphe kachipinda ka manesi. Ndikulankhula choncho ndinaona nkhope yawo. Sankamvera zimene ndikunena, ankamvera mawuwo, monga amachitira ndi zam'makutu zawo zija.

"Na mau yanu yasintha maningi," anatero motsitsa. "Sayazalingana na vija vakudala. Omvela azadabwa."

Ba Kafula anakweza chophimba cha okosijeni.

"Imwe ba tata, mwabwela kuona odwala olo mwabwela kuona vipupa?"

Ba Hillary anaseka mwamanyazi, nati aganizira chochita. Si munthu woipa, ndiyenera kulemba zimenezo. Mabasi okatenga kamakina komboni ndi komboni amakwera ndi ndalama zake, ndipo akhungu ambiri akumva ndakatulo chifukwa cha iye. Koma lero ndikanakhala ndi mphamvu, nthochi zake zija ndikanamugenda nazo.

Lolemba, 23 Juni

Ndaleka kudikira. Alendo a masana atatuluka, ndinatenga foni yanga, ndinafunda bulangeti kumutu monga ku Chawama, buku pamaondo. Ndinawapempha ba Kafula kuti akhale chete pang'ono. Analumbira pa dzina la amayi awo.

Pagulu pathu chojambula chilichonse chimayamba ndi mawu omweomwewo, kuti womvera adziwe kuti palibe wodzamulipiritsa. Ndinayamba: "Mawu awa alibe mwini, ndi a aliyense."

"Boza!" anatero ba Kafula kunja kwa bulangeti. "Ni yanu mau ayo. Mwayapasa ndani?"

Ndinafuna kuimitsa ndiyambirenso, koma ndinadziwa kuti pakhosi sipandilola kawiri. Ndinapitiriza.

Ndakatulo yoyamba ndi ya mkazi amene mwamuna wake anapita wapansi kumigodi, iye n'kumasesa njira ya pakhomo m'mawa uliwonse kuti akabwera adzaone mapazi ake. Ndili pakati, ba Kafula: "Sazabwela uyo. Nibaziba aba, anakwatila kwamene uko." Kenako kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, chifuwa chosatha, mpaka ndinadikira. Tirole ya mankhwala inadutsa ndi gudumu lake lolira. Wina kumapeto kwa wodi anaitana nesi.

Yachiwiri ndi yachitatu ba Kafula anazidula ndi mafunso. Akuti wolembayo anali wa kuti, nanga n'chifukwa chiyani sanangonena kuti njala yamupweteka m'malo mozungulira chonchi. Yomaliza ndi ya munthu wotsazika mudzi umene anthu ake akusamuka, akutchula mtengo uliwonse ndi dzina lake. Imeneyi sanaidule. Nditamaliza ndinavundukula bulangeti, ndinapeza akupukuta m'maso ndi ngodya ya chitenje.

"Belenganinso ija ya mitengo."

Sindinathe. M'kamwa munali kukoma magazi.

Ndatumiza zonse kwa ba Hillary pa WhatsApp. Buku latha. Ine ndikuti latha.

Lachiwiri, 24 Juni

Pakhosi patupa. Dokotala Pumulo wandikalipira, wandilembera jakisoni wochepetsa kutupa, m'mawa ndi madzulo.

Yankho la ba Hillary: "Namvela. Mwayesa maningi, koma noise yachilamo. Pali muntu akosomola, akamba na kukamba. Computer ichosa noise ing'ono, iyi awe. Standard yathu muiziba."

Ndawalembera kuti chabwino, buku likhale. Koma zanga zakale zija, zoyera zija za m'wadirobu, aziike pakhadi apatse Josiah. Ayankha: "No problem, vili safe."

Ba Kafula afunsa ngati bwana wa zipupa uja wazikonda. Ndagwedeza mutu kuti inde.

Lachitatu, 25 Juni

Ndasaina pepala. Chakudya chomaliza madzulo ano, kenako ngakhale madzi ayi. Andisonyeza kachubu kamene kadzakhale pakhosi.

Josiah anatulutsa foni yake. "Ba mami, kambani chilichonse, nisunge." Ndinayesa. Kunatuluka mphepo yokha. Anayang'ana kumbali, n'kunamizira kuti foni yazima. Wafufuza zakale zonse, wapeza vidiyo ya ukwati wake yokha, momwe ine ndikungolulutira kumbuyo kwa anthu. Mauthenga a mawu sindinkawakonda, ndinkalemba, ndipo ndinkanyadira kuti ndimalemba bwino.

Ndamuuza papepala kuti asadandaule, mawu anga enieni ali mu laputopu ku Kaunda Square.

Ba Kafula andipatsa kachidutswa ka chikanda kuti ndikadye ndikadzuka. Ndikuopa.

Lachiwiri, 1 Julayi

Ndilipo.

Chubu m'mphuno, chubu pakhosi, dripi.

Lachitatu, 2 Julayi

Andibweza kuwodi yanga. Pabedi la kumanja pali mtsikana wothyoka mwendo. Ndinaloza bedilo, Sisita Mukupa anakhala pansi n'kundigwira dzanja. Ba Kafula anamwalira Loweruka masana, maliro anaika kale.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilire. Kulira kwa munthu wopanda kholingo kulibe phokoso, kumangotulutsa makhololo pakabowo, nesi n'kubwera ndi makina oyamwa.

Lachisanu, 4 Julayi

Akundiphunzitsa kutsuka kabowo: madzi a mchere, kansalu koyera, pagalasi. Posamba madzi asalowemo. Chakudya ndi cha madzimadzi, chikudzera m'mphuno ndi sirinji. Bala lili bwino, mafinya palibe. Adokotala akuti pakatha milungu ingapo ndidzayamba kuwotchedwa ndi makina, ndipo kuli njira yophunzira kulankhula ndi mpweya wa kummero. Ndinamumvapo bambo wina akulankhula choncho. Ndi bwino kuposa chete, koma si ine.

Ndikafuna nesi ndimagogoda chitsulo cha bedi ndi sipuni.

Ndakumbukira mawu anga omaliza. M'chipinda cha opaleshoni munthu wophimba kumaso anandifunsa dzina akuyang'ana pafayilo. Ndinanong'ona kuti "Mainess." Sanadzutse n'komwe mutu.

Lamlungu, 6 Julayi

Ba Hillary abwera, nthochinso, kwa munthu wodyera m'mphuno.

Anali ndi nkhani yabwino, akutero. Buku latuluka. Atachoka kuno tsiku lija anapereka ntchitoyo kwa Chipo, mtsikana wa ku yunivesite amene walowa gulu chaka chino, ndipo iye analiwerenga lonse m'masiku ochepa, mu situdiyo ya tchalitchi chawo. Akhungu a ku komboni ya George akulimvera kale. Dzina langa aliika pa othokozedwa.

Ndinalemba papepala: Zanga zija mwampatsa Josiah?

Anawerenga, n'kuyamba kusenda nthochi imene palibe akanaidya.

"Ba Mainess, pali vamene vinachitika. Muziba ma file timayapasa che ma number, ndakatulo one, ndakatulo two. Manje ya Chipo yanabwela na maina yamene yaja, nayaika mu folder imozi. Computer inafunsa ati replace? Nenze busy, nadina yes. Sininaganize."

Ndinalemba: Zonse?

"Vonse. Napeleka laptop ku town kuli ba guy baziba, bakangiwa. Pepani maningi."

Chaka chathunthu m'wadirobu. Tambala mmodzi ankamumva ali kutali n'kundibwezera ntchito ya tsiku lonse, koma kompyuta itamufunsa poyera ngati andifafanize, sanamve kanthu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ine wanga ndinamusiya pachala cha ba Hillary, chala chomwecho chimene chinadina.

Ndinafuna kuwatukwana. Ndinagwira cholembera, koma kutukwana kolemba kumachedwa, pofika pakati pa mawu munthu amakhala wayamba kale kupepesanso. Ndinagogoda bedi ndi sipuni mpaka Sisita Mukupa anabwera n'kuwauza kuti wodwala watopa.

Lolemba, 7 Julayi

Sindinalole chakudya. Sisita wandikalipira, wathira ndithu.

Josiah ndamuuza. Akufuna kupita ku Kaunda Square. Ndamuletsa. Akawamenya, mawuwo atuluka m'mphuno mwawo?

Lachitatu, 9 Julayi

Achotsa ulusi wina. Kutentha kwa thupi kuli bwino.

Masana kwabwera Luse, atavala chitenje chakuda, tsitsi lake lomwe losaluka. Anagwada pambali pa bedi n'kundipatsa moni. Ndinamugwira mutu.

"Ba aunty, ba mayo bananiuza ati munapanga recording pamozi. Benze kunyada maningi, ati nangena mu buku. Ikaliko?"

Ndinali nditaiiwala, kapena ndinene kuti sindinkafuna kuikumbukira. Chinthu chokanidwa. Ndinaipeza mu WhatsApp, pamwamba pa yankho la ba Hillary lija.

"Ba mayo benze che na ka phone ka ma button," anatero Luse. "Tilibe olo ka voice note. Mwana wanga afunsa ati ba mbuya benze kukamba bwanji."

Ndinadina. Munatuluka mawu okhadzula, otopa, a mayi wokalamba amene sindinamuzindikire msanga. Kenako: "Boza! Ni yanu mau ayo." Luse anagwira pakamwa. Pa "Sazabwela uyo" anaseka misozi ili mbwembwembwe, ndipo chifuwa chija chitayamba anaika foni pakhutu penipeni, kuti asaphonye ngakhale kutsokomola kumodzi. Anamvera mpaka kumapeto, n'kubwezanso poyambira. Ine ndinkamvera wina, iye ankamvera wina.

Ndinamutumizira pafoni yake. Anathokoza, anaimirira, kenako anagwadanso.

"Ba aunty, musakalipe. Nimvela ati pali computer yamene ichosa noise. Singachoseko mau yanu aya yobelenga, pasale che ya ba mayo? Penangu muba covering."

Mwanayo sanalakwe. Amafuna amayi ake, ndipo ine ndinali kuwatchinga. Koma ndinamva ngati andidulanso pomwe anadula kale. Ndi mawu okhawo amene ndatsala nawo padziko, oipa momwe alilimo, ndipo kwa ba Hillary ndi osakwana, kwa Luse ndi phokoso.

Ndinatenga cholembera. Kenako ndinamulembera nambala ya ba Hillary, pansi pake n'kuwonjezera kuti: Pita kwa awa. Kufafaniza mawu anga ndiyo ntchito imene amaidziwa bwino.

Anawerenga, sanamvetse, anathokozanso n'kupita.

Lachisanu, 11 Julayi

Akuti Lolemba nditha kutuluka, ndikayambe kumeza phala pang'onopang'ono kunyumba. Mankhwala opha ululu, madzi a mchere, tinsalu ta pakhosi. Kubweranso pakatha milungu iwiri.

Ndamuuza Josiah aike chojambula chija pafoni yake, pafoni ya mkazi wake, ndi pakhadi limene ndidzasunge ndekha. Wafunsa ngati adule malo otsokomola ndi a tirole. Ndalemba kuti asakhudze kanthu.

Mdzukulu wanga sadzamva mawu a m'wadirobu aja. Adzamva agogo ake akukhadzula pansi pa bulangeti la chipatala, akunena kuti mawu awo alibe mwini. Ndipo pa anthu onse amene ndinawawerengera chaka chonse chija, adzamva mmodzi yekha amene anakana, mayi wa kapenta wa ku Matero, akukuwa ndi mapapo odzaza madzi kuti ndi bodza.